Mizere Khumi ndi Umodzi ya Bwana wa Tafikakale

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Makompyuta,
Kampani Yonyamula Katundu ya Tafikakale,
Ofesi ya Pamwamba Penipeni, Ija ya Kapeti.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanakhudze kompyuta, poti munthu salembera akuluakulu ali ndi inki m'zikhadabo. Ine ndine uja mumamutchula m'makalata anu kuti "Gulu Loyang'anira Chidindo." Pepani kwambiri, gulu lonselo ndi ine ndekha. Masana ndimakonza mapulinta m'kashopu kakuseri kwa famase yogulitsa mankhwala, ndipo ndikaweruka ndimakhala pa theka la tebulo la pabalaza n'kumasamala pulogalamu ija. Theka linalo ndi la makina osokera a mayi akunyumba. Malire athu ndi tepi yoyezera nsalu, ndipo laputopu yanga ikangodutsa pang'ono ndimauzidwa nthawi yomweyo.

Popeza kalatayi awerenganso anthu ena, mundilole ndifotokoze chinthu chimene inu mukuchidziwa bwino kuposa ine mwini wake. Chidindo ndi laibulale, koma osati ya mabuku. Ndi mtolo wa malangizo a kompyuta umene wolemba mapulogalamu aliyense angathe kutenga n'kuulowetsa m'pulogalamu yake, kuti asavutike kuyambira poyambirira. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuuza pulinta kuti isindikize timapepala tomata pamaphukusi, tija timakhala ndi dzina, adiresi ndi timizeremizere takuda. Ndinachiika pa intaneti zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, poyera, kuti wofuna atenge, asinthe, agawireko anzake. Anthu ena amene sindinawaonepo nkhope akhala akuthirapo manja, wina pano wina apo. Laisensi yake imapempha kanthu kamodzi kokha, kuti wotenga asafufute mayina a amene anachilemba.

Lachisanu likubwerali tikutulutsa Chidindo chachinayi, ntchito ya miyezi khumi ndi inayi. Mayi akunyumba analonjeza kale kuti tsikulo andibwereka tebulo lonse. Ndinali nditakonzeka kusangalala mwakachetechete, monga amasangalalira anthu a msinkhu wanga, pamene kalata ya loya wanu inafika. Ndiye ndaona kuti n'kupanda mwambo kuyankha loya ndisanathokoze mwini loyayo. Zothokoza zake zilipo zisanu.

Choyamba, zikomo potikhulupirira kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Phukusi lililonse lotuluka m'mageti anu limavala kapepala ka Chidindo, ndipo inu, posafuna kutisokoneza pantchito, simunatiuzepo. Ndinazitulukira ndekha tsiku limene mayi akunyumba anaitanitsa ulusi kudzera kwa inu. Pakona pa kapepalako panali kadontho kakang'ono kamene ndinakasiya mwangozi m'Chidindo chachiwiri, ndipo ndinakazindikira monga bambo amazindikirira makutu a mwana wake pagulu. Tsikulo ndinayenda motukumuka. Pambuyo pake ndinapita patsamba lanu la pa intaneti kukafuna mayina athu, ndipo ndinapeza mwalemba kuti timapepalati ndi "luso lapamwamba lopangidwa ndi akatswiri a Tafikakale." Mayina munawachotsa onse, bwinobwino, osasiyako ndi chilembo chomwe. Munachita bwino, Bwana. Kunyada kumawononga munthu, ndipo inu munatiteteza.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha makalata. Ndili nawo mazana awiri ndi asanu ndi imodzi, onse olembedwa pamwamba kuti MWACHANGU. Anthu ena akapeza vuto amayamba ndi moni, n'kufotokoza pulinta imene akugwiritsa ntchito, mwinanso n'kuyesako kukonza okha. Kumeneko n'kutaya nthawi. Anthu anu amangolemba kuti "sizikugwira, konzani lero," ndipo munthu umadziwa pomwe waima. Ambiri mwa makalatawa amapita ku "Dipatimenti Yothandiza Makasitomala." Dipatimenti imeneyi ndi mayi akunyumba, chifukwa ndi amene amakhala pafupi ndi foni ikalira. Andituma kuti ndikupatseni moni, ndiponso kuti ndikufunseni ngati makasitomala a kwanuko nawonso amangotenga katundu n'kuchoka, n'kubweranso mawa lake kudzakalipa. Ndawauza kuti funso lotere silifunsidwa kwa anthu a kapeti.

Chachitatu n'chovuta, chifukwa pamenepa wolakwa ndine. Chidindo chinali ndi chilema. Timapepala tija timabwera pampukutu, ndipo mpukutu umatha. Ukathera pakati pa kusindikiza, Chidindo chinkaganiza kuti kapepala kaja katuluka, n'kupitirira kwa phukusi lotsatira. Choncho pa mpukutu uliwonse, phukusi limodzi linkatsetsereka palamba woyendetsa katundu lili mbulanda, lopanda dzina, lopanda kopita. Ndamva kuti kunyumba yanu yosungira katundu, kuseri kwa masikelo, kuli chipinda chimene onyamula katundu amachitcha cha ana amasiye. Akuti muli nsapato, mabuku, magalasi a maso, mawilo a njinga, ngakhale diresi laukwati limene mwini wake pano ayenera kuti ali ndi ana awiri.

Munandilembera za nkhaniyi kakhumi ndi kanayi. Nthawi zonse mawu anali amodzimodzi: "maphukusi akusowa, konzani." Nditafunsa kuti mumagwiritsa ntchito pulinta yanji, munayankha kuti chimenecho n'chinsinsi cha kampani. Nditafunsa kuti amasowa nthawi yanji, munati chimenechonso n'chinsinsi. Ndinasakasaka zaka zitatu osapeza kanthu, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi. Ife okonza mapulinta tili ndi chizolowezi chathu: tikakonza timayesa ndi timapepala titatu, tikaona kuti tatuluka bwino timathimitsa, n'kusunga mpukutuwo kuti tidzayesere ina. Mpukutu umene ndimayesera Chidindo ndinaugula mwana wathu woyamba asanayambe sekondale, ndipo zaka zonsezo unali usanathe. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo mpukutu ukutha.

Chachinayi, ndipo apa ndithokoza ndi mtima wonse, zikomo polemba ntchito a Nalimata. Limeneli ndi dzina limene amagwiritsa ntchito pa intaneti, ndipo ndi lokhalo ndilitchule. Inu mwina nkhope yawo simukuidziwa, poti amakhala m'ofesi yapansi, ija ya simenti, pafupi ndi khomo la kuchimbudzi. Mayi ameneyu anachita chinthu chimene sindinachimvepo kwa munthu wa makompyuta: anadzuka pampando. Anatsikira kosungira katundu, n'kukaima pambali pa lamba masana atatu otsatizana, nthawi ya chakudya, akudyera choimirira. Onyamula katundu ankaganiza kuti atumidwa kudzawerenga amene akuzemba ntchito. Tsiku lachitatu anaona pulinta ikuima, munthu akusintha mpukutu, bokosi likudutsa lopanda kanthu. Anadikira mpukutu wina uthe, n'kuonanso zomwezo.

Lamulungu lotsatira masana, ali kunyumba kwawo, pa laputopu yawo, analemba mizere khumi ndi umodzi. Mizereyo imangouza Chidindo kuti chisathamange, chiyambe chafunsa pulinta ngati kapepala katulukadi. Ananditumizira m'njira imene aliyense amatumizira, poyera, ndi mawu akuti, "Pepani ngati ndalakwitsa, ndi koyamba." Bwana, ndinawerenga kamodzi, ndinawerenganso, kenako ndinadzuka n'kuvina. Ndinagunda tebulo, kabotolo ka mapini kanagwa, ndipo tinatola mapini mpaka nthawi ya chakudya chamadzulo. Mayi akunyumba anati zaka zitatu ndakhala ndikung'ung'udza pa theka langa la tebulo, pomwe mankhwala ake anali kungodzuka n'kukayang'ana. Mawa lake ndinatenga mpukutu wanga wokalamba uja n'kuusindikiza wonse mpaka kumapeto, ndipo palibe kapepala kamene kanasowa.

Tsono ife a mapulogalamu a poyera tili ndi mwambo. M'kati mwa Chidindo muli fayilo yotchedwa ZIKOMO, ndipo aliyense amene wathandiza, ngakhale wangokonza chilembo chimodzi, dzina lake limalowamo. Tilibe china chopatsana. A Nalimata anangosaina dzina lawo la pa intanetilo basi. Koma ine, ndi chimwemwe changa chosaganiza, nditaona adiresi ya imelo imene anatumizira, ndinalemba kuti, "Zikomo a Nalimata a ku Tafikakale." Ndinkati ndikukulemekezani. Ndinkati pa zaka zisanu ndi ziwiri, koyamba dzina la kampani yanu lilowe m'fayilo imeneyi pa chifukwa chabwino.

Apa ndiyenera kuyamikira maso anu. Mafunso anga a zaka zitatu sanakufikenipo inu mwini, koma mzere umodzi umenewu unafika pakapeti m'masiku awiri. Lolemba m'mawa a Nalimata anaitanidwa, analandidwa chiphaso cholowera pageti, n'kuuzidwa kuti akakhale kaye kunyumba pa mlandu wopereka katundu wa kampani kwa anthu akunja. Lachinayi, teni koloko m'mawa, akaonekera pamaso pa komiti imene inu muli wapampando, ndipo ntchito yawo ithera pomwepo kapena ipitirira. Iwo sanandiuze zonsezi modandaula. Anangondilembera kuti, "Bambo, chonde chotsani dzina langa m'fayilo ija, mwina zingathandize." Ananditchula bambo, ine amene ndinawaika m'moto. Tsiku limenelo ndinapita kushopu koma sindinamasule ndi sikuluu imodzi yomwe. Zinandiwawa, Bwana, ndipo zikundiwawabe.

Chachisanu, zikomo chifukwa cha loya. Sindinalandirepo kalata yokongola chotero. Pepala lake n'lokhuthala moti mayi akunyumba apempha kuti ndikathana nalo adulirepo patani ya kolala. Loyayo akuti mizere khumi ndi umodzi ija ndi katundu wa Tafikakale, chifukwa mutu umene unaiganiza umalowa pageti panu m'mawa uliwonse. Akuti ndiibweze pasanathe masiku asanu ndi awiri. Sindinkadziwa kuti mukalemba munthu ntchito mumatenganso Lamulungu lake, pamodzi ndi laputopu imene anagula yekha. Ndaphunzirapo kanthu, ndipo ndayamba kale kumuyang'ana mwachidwi mlamu wanga amene amandithandiza kushopu Loweruka, kuti ndione zimene amaganiza akakhala kwawo.

Vuto linali kabwezedwe kake. Mizere imene ili pa intaneti anthu anaikopera kale m'maiko amene sindingathe n'kuwatchula komwe. Ndinafunsa Dipatimenti Yothandiza Makasitomala, ndipo inati kumeneko kuli ngati kuuza munthu kuti achotse mchere m'ndiwo zimene alendo adya kale. Koma ine lamulo ndimaliopa. Ndinasindikiza mizere yonse khumi ndi umodzi papepala loyera, ndinaliika m'kabokosi ka inki, mayi akunyumba anakamanga ndi kansalu kofiira kotsala pa diresi la kasitomala, ndipo dzulo masana ndinapita nako ku depoti yanu ya pafupi ndi siteji ya mabasi. Ndani wina akananyamula katundu wa Tafikakale kuposa Tafikakale?

Pamzere tinalipo anayi, ine wachitatu. Matenda a ntchito sachoka, choncho maso anga anapita pa pulinta ya kalaliki. Mpukutu unali utawonda, ndipo m'mbali mwake munali mutayamba kuoneka kamzere kofiirira kaja kochenjeza kuti watsala pang'ono. Makina anu onse akadali pa Chidindo chachitatu, chija cha chilema, chifukwa loya wanu analetsa kuti musakhudze mizere yatsopanoyo mlandu usanathe. Mayi amene anali kutsogolo analandira kapepala kawo. Bambo wotsatira analandira kawo. Ine nditapereka kabokosi kanga, pulinta inalira kamodzi n'kukhala chete. Kalaliki anatsegula, anaika mpukutu watsopano, kapepala kanatuluka, ndipo anakamata pa katoni ya munthu amene anali kumbuyo kwanga, poti kanali kakedi. Kabokosi kanga kanakwera lamba kali mbulanda, kansalu kofiira kakupepeluka, n'kukalowa kuseri kwa katani ya pulasitiki.

Ndikanatha kukuwa. Pakamwa ndinatsegula ndithu. Koma ndinakumbukira kuti nthawi imene maphukusi amasowa n'chinsinsi cha kampani, ndipo sindinafune kuti kalaliki wosalakwayo amve chinsinsi kuchokera kwa munthu wakunja n'kuitanidwa nayenso Lachinayi. Ndinathokoza, n'kutuluka. Choncho muwauze a loya kuti katundu wanu ndabweza m'nthawi yake. Ali m'manja mwanu, m'nyumba yanu, m'chipinda cha ana amasiye, mwina pamwamba pa diresi laukwati lija.

Mfundo ya loya wanu, yakuti mizere izibwerera kwa eni ake, ndaikonda kwambiri moti ndinatenga pensulo. M'Chidindo muli mizere yoposa zikwi makumi anayi. Khumi ndi umodzi mwati ndi yanu. Yotsalayo inalembedwa ndi ine, ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito, ndi namwino amene ankafuna timapepala ta mabotolo a mankhwala, ndi ena makumi atatu, onse pa Lamulungu lawo. Laisensi ija imanena kuti wofufuta mayina wataya chilolezo. Mlamu wanga atamva zimenezi maso anawala, n'kuyamba kundifotokozera mmene magalimoto anu onse angaimire pabwalo Lolemba m'mawa, madalaivala atakhala pamabampa. Ndinamuletsa. Sitinaike Chidindo poyera kuti tizidzaopseza nacho anthu, ndipo m'magalimotomo muli ulusi wa anthu ena. Pitirizani kutenga, Bwana. Tengani ndi chachinayichi, n'chokoma kuposa zonse, ndipo chikupulumutsirani phukusi limodzi pa mpukutu uliwonse. Mukafuna kudziwa kuti pachaka ndi maphukusi angati, munthu amene anawerenga ali kunyumba, mwamulanda chiphaso.

Ndisanafike pa pempho langa, ndikudziwitseni za fayilo ya ZIKOMO. Dzina la kampani yanu ndalichotsa, ndipo ndapepesa kwa a Nalimata polilemba popanda kuwafunsa. Lawonso ndalichotsa monga anapempha. Koma pamalopo ndasiya mzere wopanda kanthu, pamwamba penipeni, ndipo Lachisanu m'mawa, ndisanatulutse Chidindo chachinayi, ndilembapo mawu. Ulendo uno ndayamba ndawafunsa eni ake, ndipo avomera. Ndakonza ziganizo ziwiri. China chikuti: "Zikomo a Nalimata, ndiponso kampani ya Tafikakale, imene imadziwa kusunga anthu otere." Chinacho chikuti: "Zikomo a Nalimata, amene anapeza m'masana atatu chimene chinatikanika tonse zaka zitatu, ndipo panopa akufuna ntchito. Imelo yawo nayi."

Sindikufuna kukuthamangitsani maganizo, koma mwina n'kothandiza kudziwa kuti fayilo imeneyi imapita kulikonse kumene Chidindo chimapita. Amaiwerenga a mafamase, a masitolo a mabuku, ndi makampani ena asanu ndi imodzi onyamula katundu. Aja a magalimoto obiriwira, amene amaimika moyang'anizana ndi geti lanu, amaiwerenga mosamala kwambiri, ndipo makalata awo amayamba ndi moni. Kunena zoona, chiganizo chachiwiricho chingawachitire a Nalimata zabwino kuposa choyamba. Koma iwo akuti amaikonda ntchito yawo, amawakonda anzawo a pansi paja, ndipo akufuna kudzaona ndi maso awo chipinda chija chikuphwa. Anthu ena ndi otero, Bwana, ndipo sapezekapezeka.

Pempho langa tsono ndi laling'ono, loyenera munthu wa theka la tebulo. Lachinayi, isanakwane teni koloko, mudzuke pampando. Ndikudziwa kuti n'chinthu chachilendo, koma wantchito wanu wina anachiyesapo ndipo sanavulale. Mutsike masitepe mpaka pamene kapeti wathera, mupitirire pa simenti, mudutse masikelo, mufunse onyamula katundu kuti akulozereni kwa ana amasiye. Mukafunefune kabokosi ka kansalu kofiira. Mwina zikutengerani kanthawi, poti akuti muli modzaza mpaka kudenga, koma mukakapeza mukatsegule, muwerenge katundu wanu. Ndi mizere khumi ndi umodzi yokha, simutopa. Mukatero muyang'ane mashelefu okuzungulirani, kenako mukwere kukaweruza mlandu.

Mukatha, musavutike n'kundilembera kalata ya pepala lokhuthala. Mungotumiza nambala ya chiganizo chimene mwasankha, wani kapena thuu, ku Dipatimenti Yothandiza Makasitomala. Ikhala ili pafupi ndi foni, ikusoka. Ikafika Lachisanu eyiti koloko tisanamve kanthu, tidzadziwa kuti yankho lanu linakumana ndi kutha kwa mpukutu, ndipo tidzalemba chachiwiricho.

Ine wanu wogwada pa simenti,
amene mumamukumbukira zikavuta,

Wosamala Chidindo,
Gulu Lonse Lathunthu,
Theka la Kumanzere la Tebulo.